Funsani Amalume: Mathithi alipo pafupi, koma kufupika kwa njira kusakupusitseni

Mwezi uno makalata ambiri abwera a nkhani imodzi, mathithi. Kaya ndi kutentha kwa kuno, kaya ndi zithunzi zimene anzathu akuponya pa Facebook, koma zikuoneka kuti ife a ku Mangochi nyanja tayizolowera, pano tikufuna tione madzi akugwa kuchokera pamwamba osati ongogona chigonere. Ndasankhapo anayi, enanu mudikire mwezi wa mawa.

FUNSO: Amalume, ine ndi mayi wa ana atatu, ndimakhala kwa Mponda ndipo ndimagulitsa nsomba zouma. Chibadwire changa mathithi ndimangowaonera pa kalendala ndi pa foni basi. Ana akundivutitsa kuti holide ikubwerayi tikaone, wamng'ono ali ndi zaka 7. Nde vuto ndi loti aliyense ndikamufunsa akungondiuza za ku Livingstonia kapena zokwera Mulanje, ine ndalama yake ndilibe olo miyendo yokwera phiri tsiku lonse ndilibenso. Kulibeko kwapafupi kosadzadza anthu koti munthu nkupita mmawa nkubwerako?
Mayi wa kwa Mponda

YANKHO: Achemwali, kulipo, ndipo ndasangalala kuti mwafunsa chifukwa ambiri timangoti zimenezi ndi za azungu ndi mabwana a magalimoto, pamene mapiriwo ndi athu omwe. Amene akukuuzani za ku Livingstonia akunena mathithi a Manchewe, aatali zedi, madzi amagwa mamita pafupifupi 125, koma kumeneko ndi ku Rumphi, thiransipoti yokha ya anthu anayi ingakudyereni mpamba wonse wa nsomba. Asiyeni kaye amenewo, tsiku lake lidzafika.

Inu pitani ku Zomba, pamwamba pa phiri. Kuli mtsinje wa Mulunguzi, womwe uja umathira mu damu limene anthu a mu Zomba amamwa, ndipo pa mtsinje umenewu pali mathithi awiri, a Mandala kufupi ndi damu ndi a Williams kumtunda kwake mukadutsa pa maiwe owetera nsomba za trout. Anthu ambiri akakwera phiri lija amathera pa hotela ya Ku Chawe, kujambulitsa, kumwa fanta nkutsika, ena amapitirira pa galimoto kukaona ku Emperor's View kumene anaimako mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, koma oti atsike nkutsata mtsinje wapansi ndi ochepa, makamaka mkati mwa sabata mutha kukhala pa mathithi paja ola lathunthu muli nokha ndi ana anu.

Ndikuuziretu, musakayembekeze chimadzi chogwa kuchokera kumitambo ngati cha pa kalendala. Mathithi a Williams ndi ofatsa, madzi amatsika pa matanthwe ngati pa masitepe, oyera ngati thonje, pansi pake pali kadziwe, mmbali monse mitengo ndi zomera za mmadzi zobiriwira, kamphepo kake kozizira kokhala ndi timadontho kamakumenyani kumaso musanafike nkomwe. Kwa mwana wobadwira kuno amene madzi amawadziwa ofunda a pa dooko, zimenezi ndi zachilendo kwabasi. Ine ulendo woyamba nditapita ndi mdzukulu wanga anangoti chilili kukamwa yasa, kenako nkundifunsa kuti agogo kodi madziwa akatha kumtundako atseka ndani. Mpaka lero amakambabe.

Kayendedwe kake ndi kotere. Kuchoka pa boma kukafika mu Zomba ndi makilomita pafupifupi 130, msewu wake ndi womwewu wa ku Ulongwe, kuwoloka Shire pa baraji ku Liwonde, Machinga, Malosa, Domasi, Songani mpaka mtauni. Pa minibasi werengerani maola atatu kapena kuposera, poti mukudziwa kale zoima pa siteji iliyonse ndi zokusinthitsani galimoto pa Liwonde. Nde mukafuna kupita ndi kubwera tsiku lomwelo 5 koloko mmawa ikupezeni muli kale pa depoti, ndipo 2 koloko masana mukhale mwayamba kutsika phiri. Kunena zoona ndi ana atatu ine ndingakonde mutagona kwa mbale, ambirife tili naye wina wake ku Chinamwali kapena ku Matawale, mmawa mwake nkukwera phiri mitima ili pansi. Mtengo wa thiransipoti ukusintha limodzi ndi mafuta, mukafunse pa depoti dzulo lake ndipo musunge ya pobwerera payokha, mumange pa nsonga ya chitenje china osati mu kachikwama komwe mukugulira mandasi.

Kuchoka mtauni kukwera pamwamba mukwere takisi, mugwirizane mtengo musanakwere komanso munene nthawi yoti idzakutengeni, mutenge nambala ya dalaivala. Kabaza wa njinga yamoto alipo koma msewu uja ndi wokhotakhota, mbali ina kuli phompho, mwana wa zaka 7 ine ayi. Anthu ena akakuuzani za njira yachidule ya wapansi yotchedwa Potato Path, imeneyo ndi chitunda chenicheni, ana akafika pamwamba atatheratu ndipo mathithiwo sakawaonanso kukoma. Mphamvu zawo azisunge za pamwamba. Kuchoka pa Ku Chawe kukafika pa Williams mukuyenda mwachifatse ndi ana ndi ola limodzi kapena ndi theka, njira yake siyokwera kwambiri, mumayenda pansi pa mitengo ya paini mtsinje ukulira pambali.

Pamwamba pomwepo pali anyamata operekeza alendo. Mutengeni mmodzi. Ndikudziwa munena kuti ndalama ina imeneyo, koma tinjira ta mnkhalango muja timafanana, odula mitengo atsegulanso tina tatsopano, ndipo nkhungu ikatsika simuona olo mwana amene ali patsogolo panu. Safunsa anadya phula achemwali. Mukambirane naye mtengo poyamba, muwauze kuti ndinu a konkuno, ambiri amamva.

Chinthu chimene anthu a kwathu kuno timalakwitsa kwambiri ndi zovala. Kuno tili mchigwa, nyanja ili mamita osafika 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene pa phiri paja muli pamwamba kuposa mamita 1,400 ndipo nsonga yake imapitirira 2,000. Mu June ndi July kukagwa chiperoni kumazizira koti mwana wa ku Mangochi amalira. Juzi aliyense, ndi chitenje chapadera chouma. Munjira mukapeza ana akugulitsa sitiroberi ndi tizipatso tachikasu tija amati mulunguzi, agulireni anawo alaweko, kuno kulibe, koma mutsuke kaye ndi madzi a mbotolo.

FUNSO: Amalume bho? Ife ndi anyamata 6 a cha ku Namwera. Pali kamtsinje kena kumapiri kwathu kuno mnzathu wina woweta mbuzi akuti kali ndi mathithi aboo heve, palibe amene amapitako olo pa Google Maps palibepo, akuti kuchoka pamsewu ndi 30 minitsi yokha. Nde tapangana kuti tipite mu January mvula ikamagwa daily kuti tikawapeze ali odzadza tikajambule ya TikTok titaima pamwamba penipeni. Inu mukuona bwanji, titenge chani?
Mnyamata wa ku Namwera

YANKHO: Mphwanga, mawu akutiwa 30 minitsi yokha ndi amene andiopsa mkalata yako yonse. Munthu akamapita kokwera Sapitwa amakonzeka, amatsanzika kunyumba, amatenga womuperekeza. Koma akamva kuti ndi pafupi amangonyamuka ndi masilipasi ndi foni ya 20 peresenti, osauza aliyense, ngati akupita ku golosale. Anthu ambiri ovulala pa mathithi savulala chifukwa njira inatalika ayi.

Zoti kumapiri kwanuko kuli timathithi sindikukayika. Aliyense amene anakwerapo msewu wochoka pa mlatho wa Bakili Muluzi kulowera ku Namwera ndi Chiponde amadziwa mmene dziko limakwerera, ndipo timitsinje tochokera mnkhalango za Mangochi ndi Namizimu tikamatsikira kuchigwa timadumpha matanthwe, tambiri tilibe dzina lolembedwa pena paliponse, amatidziwa ndi oweta ziweto ndi amayi otola nkhuni. Nde kufuna kwanu ndi kwabwino, ine ndikukondwera kuti achinyamata mukufuna kudziwa kwanu. Koma January ayi. Ndikubwereza, January ayi, February ayinso.

Tamvera chifukwa chake. Mathithi amakhala pa khwawa, mbali zonse miyala, pothawira ndi pochepa. Mvula itha kugwa kumtunda kwa phiri makilomita angapo kuchoka pamene muli, inu pamenepo dzuwa likuwala bwinobwino mukuseka, madzi onse a kumtundako nkusonkhana mkamtsinje kamodzi nkutsika nthawi imodzi, atanyamula miyala ndi zipika. Safika pang'onopang'ono ngati mmene nyanja imakwerera, amafika ngati khoma. Ndipo masiku ano poti mitengo yatha ndi makala, nthaka siigwiranso madzi, amangotsetsereka onse. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo pamene inu mwayala chitenje nkuika Sobo wanu ndi pa njira yawo. Agogo ako akuuza za Napolo amene anatsika phiri la Zomba mu 1946, makolo ako akukumbuka za ku Phalombe mu 1991, ndipo iwe mwini unaona zimene namondwe Freddy anachita mu March 2023 ku Mulanje, Phalombe ndi ku Chilobwe. Kamtsinje kanu ndi kakang'ono inde, koma kupha anthu 6 sikufuna Napolo.

Dikirani mvula ikate. Kumapeto kwa April, May mpaka June ndiye nthawi yake, madzi akadali ambiri koma ayera, njira yauma, kumwamba kulibe chiopsezo. Mukachedwa mpaka October mukapeza thanthwe louma ndi kamadzi kongodontha. Ndipo olo nthawi yabwinoyo, mukaona madzi ayamba kusanduka odera, akubwera ndi masamba ndi tizitsotso, kapena mwamva mkokomo kumtunda ngati lole ikubwera, musatole olo nsapato, kwerani mmbali kumtunda pompo, osathawira kumunsi motsata mtsinje.

Tsopano za kuima pamwamba penipeni. Mwala wa pa mathithi umamera ndere, ina yobiriwira yooneka, ina yakuda yopyapyala yoti ukaiona umangoti ndi mwala wonyowa, koma kuterera kwake kuposa sopo. Pamwamba pomwe madzi akuyambira kugwa ndiye poipitsitsa chifukwa mwala unasalala ndi madzi zaka ndi zaka, ndipo madzi ofika mu akakolo okha ngati akuthamanga amakuchotsa phazi. Ine ndinaona ndi maso anga mnyamata wa msinkhu wako akubwerera chambuyo kuti mnzake amujambule bwino, phazi limodzi lokha, anagwa pa msinkhu wosaposa denga la nyumba koma mwendo unathyoka pawiri. Kanjira kamene tinayenda mphindi zochepa popita tinatenga maola atatu pobwerera titamunyamula pa machira a mitengo ndi zitenje, netiweki kunalibe, ndipo kulira kwake ndimakumvabe. Jambulani muli pansi, chithunzi cha pansi ndiye chimaonetsa kutalika kwa mathithi, cha pamwamba chimangoonetsa mutu wako ndi tchire.

China chimene achinyamata mumaiwala, malo amene inu mukuti palibe amapitako ali ndi eni ake. Musanalowe mtchire kapezeni amfumu a mudzi wapafupi, mupereke moni, munene chimene mwabwerera, akupatseni munthu. Nkhalango zina zowirira za mmbali mwa mitsinje ndi manda. Ndipo iwe ndi wa ku Namwera ukudziwa wekha kuti holide yaikulu ikafika, cha mu August, mmitsinje momwemo ndi momwe mumamangidwa ndagala, misasa ya chinamwali cha anyamata, munthu sungangotulukira pamenepo ndi kamera mmanja, mlandu wake ndi waukulu ndipo ndi kupanda ulemu. Mukamayandikira pamene anthu amasamba imani patali mukuwe odi kumadziko, mudikire akuyankheni, amayi amakhala ali pa ntchito yawo. Ngati malowo ali mkati mwa nkhalango ya boma, a zankhalango adziwe kuti mwalowa.

Zotenga sizambiri. Nsapato zomanga zingwe zokhala ndi mapazi okhakhala, buluku lalitali, ndodo, madzi akumwa, chinangwa kapena mbatata yootcha, foni yodzadza, ndi munthu mmodzi kunyumba amene akudziwa kumene mwapita ndi nthawi yobwerera. Buluku lalitalilo ndikunenera chitedze, nyengo yomwe ndakuuzaniyi ndi imene chimayamba kukhwima mmakwawa, ukachigunda ulendo wathera pomwepo, ndipo usakande olo kuthira madzi msanga, yamba wachotsa ubweya wake. Poponda muziyang'ana, mphiri siithawa munthu imangogona panjira, komanso linthumbu likadutsa lidumpheni osaima. Woweta mbuziyo ayende patsogolo ndipo mumupatse kangachepe, iyeyo ndiye mwini njira.

Mukapita bwino mudzandilembere. Ndipo poti muli konko, tsiku lina mudzafunse njira ya ku mabwinja a Fort Mangochi pa phiri paja, linga la asilikali a Britain la mzaka za m'ma 1890 nthawi imene ankalimbana ndi mfumu Jalasi, makoma ake a miyala alipobe ndipo ana ambiri a konkuno sanawaonepo.

FUNSO: Amalume, kodi madzi a pa mathithi munthu angasambe ndi kumwa? Ine kusambira ndimatha, ndinakulira ku Malindi mmbali mwa nyanja. Komanso likodzo kumeneko liliko?
Msodzi wa ku Malindi

YANKHO: Achimwene, kuti mumatha kusambira sindikutsutsa, koma dziwe la pa mathithi ndi nyama ina. Nyanja yathu ndi yofunda ndipo pansi ndi mchenga wotsika pang'onopang'ono. Dziwe la mphiri ndi lozizira koti ukalumphiramo thupi lili lotentha ndi ulendo mpweya umabanika, minofu imakokana, ndipo pansi pali miyala yosaoneka ndi mitengo yomira. Pamene madzi akugwera penipeni amazungulira nkumakukokera pansi, komanso madzi a thovu aja ndi osakanikirana ndi mpweya nde sakunyamula ngati mmene amachitira madzi wamba, umapalasa koma osayandama. Ku Mulanje pa Dziwe la Nkhalamba, kumtunda kwa Likhubula, malo okongola zedi ndipo njira yake ndi yaifupinso, pamira anthu kangapo konse ndipo ena mwa iwo anali odziwa kusambira. Nde lowani pang'onopang'ono chakumapeto kwa dziwe kumene madzi akutulukira, mufunse operekeza kuti pabwino ndi pati, osadumphira chamutu, ndipo mowa ndi dziwe siziyendera limodzi.

Likodzo limafuna nkhono, ndipo nkhono zake zimakonda madzi ofunda odekha a mmabango ndi mmaudzu, ngati madooko ena a kuno ndi ku Malombe. Madzi ozizira othamanga a pamwamba pa phiri sizikhalamo kwenikweni. Koma mtsinje womwewo ukatsika nkufatsa pafupi ndi midzi nkhani yasintha. Inuyo poti ndinu wa mnyanja tsiku ndi tsiku, mukaona magazi mu mkodzo musadikire, kuchipatala mankhwala ake alipo, praziquantel.

Kumwa ndiye ayi, olo aoneke oyera bwanji. Simukudziwa chimene chili kumtunda, mwina munda, mwina msasa wa ocheka matabwa opanda chimbudzi, mwina anyani. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 mdziko muno ndipo Mangochi inali mwa maboma amene anavutika kwambiri, tonse tinaika maliro. Nyamulani anu a kunyumba, akatha thirani WaterGuard kapena muwiritse.

FUNSO: Bambo anga ali ndi zaka 68, amadwala BP komanso bondo limawavuta, koma akuti akufuna adzaone mathithi ndi maso awo. Ndiwakanize?
Mwana wawo, Monkey Bay

YANKHO: Musawakanize bambo anuwo, apititseni. Ubwino wa ku Zomba ndi woti galimoto imafika pafupi, pa phiri paja pali misewu yafumbi ya zankhalango, nde nthawi yopanda mvula dalaivala wodziwa atha kukusiyani poti kwatsala kuyenda pang'ono chabe kuti mufike pa Williams. Amwe mankhwala awo mmawa monga mwa masiku onse ndipo ena muwanyamule, adye kaye, avale zofunda chifukwa kuzizira kumakweza BP. Ngati masiku amenewo BP yakhala ikukwera, kapena amamva kupweteka pachifuwa ndi befu akayenda pang'ono, adutse kaye kuchipatala akawayeze musanagule tikiti.

Bondo limavuta potsika kuposa pokwera, nde ndodo ikhale mdzanja la mbali imene kuli bondo labwino, ndipo potsika mwendo wodwalawo uzitsogola, pokwera utsogole wabwinowo. Wina wamphamvu aziyenda kumunsi kwawo osati kumbuyo. Pa miyala yonyowa asapondepo nkomwe, palibe chifukwa, mathithi amaoneka bwino uli pouma. Muwapezere mwala wouma kapena munyamule kampando kopinda, muwayalire chitenje, muwathirire tiyi wa mu fulasiki, ndipo musawafulumizitse kuti tiyeni tizipita. Adzukulu akasewere kumunsi ndi munthu wowayang'anira, iwo muwasiye akhale pamenepo mpaka anene okha kuti akhuta.